Kutsikira ku Tete ndi kope la mayankho

Lachiwiri, 30 Sepitembala, Ulongwe

Mawa m'mamawa tikutsikira ku Tete. Ndalonjeza amayi anzanga a ku mpingo kuti ndizilemba pano madzulo aliwonse netiweki ikalola, kuti musamandiimbire aliyense payekha n'kundithera batire. Tikupita ine, azakhali anga, aphunzitsi opuma amene amatsogolera kagulu kathu, ndi mnyamata wa kwaya uja. Iyeyu tamutenga chifukwa Chipwitikizi chake n'chosalala, komanso amatha kulimbana ndi makondakitala.

Kwa amene simukudziwa chomwe tikupitira: kuyambira nthawi yokolola, kagulu kathu ka Akatolika, a Reformada ndi Asilamu a pamsika kakhala kakuyenda m'midzi ya kuno ku Angónia ndi funso limodzi lokha, loti "N'chiyani chimakusowetsani tulo?" Mayankho ndimalemba ndine. Loweruka pa 4 Okutobala, tsiku la mtendere, magulu onga athu ochokera m'maboma ena akumana mumzinda wa Tete, lililonse ndi kope lake.

Kope lathu ndaliwerenganso lonse madzulo ano. Mjigo wowonongeka ndiwo ukutsogola. Kenako mtengo wa feteleza, mbava za ng'ombe, chipatala chopanda mankhwala, mikangano ya malire a minda, ndiponso nkhuni, poti mapiri athu tawameta tokha. Nkhondo adaitchula ndi okalamba okha. Palibe mmodzi mwa iwo adapempha kuti atumize asilikali. Agogo ena a kufupi ndi Domue adati: "Mwanawe, lemba kuti ndife ndisadaonenso jombo pakhomo panga."

Masana azakhali anakakamira kuti tiyambe tadzera ku Lifidzi kukapemphera. Chakufupi ndi kumeneko, ku Chapotera, ndi kumene ansembe awiri achiJezuiti, João de Deus Kamtedza ndi Sílvio Moreira, adatengedwa usiku ndi anthu a mfuti n'kuphedwa pa 30 Okutobala 1985. Bambo Kamtedza adali mwana wa kuno kwathu. Chaka chotsatira banja lathu lidathawira ku Dedza, ndipo ine ndidabadwira tsidya ilo, mmodzi mwa anthu pafupifupi miliyoni a ku Mozambique amene Malawi adawasunga nthawi ya nkhondo. Azakhali sakonda kufotokoza za chaka chimenecho. Anangogwada, kenako n'kudzuka, n'kufunsa ngati ndaphika kale mbatata ya pa ulendo.

Ndaphika. Tatenganso thumba la kachewere lokapatsa amene akatisunge.

Lachitatu, 1 Okutobala, Mussacama

Tinafika pa depoti kudakali mdima, titavala majuzi. Chapa, minibasi ya kuno, sichinyamuka chisanadzaze, ndiye tinakhala m'katimo mpaka dzuwa kutuluka, dalaivala akungoliza injini kunamiza anthu kuti akunyamuka. Wa Mussacama ndi 300 metikali munthu mmodzi. Thumba la kachewere kondakitala amati 150. Mnyamata wathu anayamba kumuwerengera mtengo wa feteleza amene analowa m'mbatatayo mpaka anthu onse kuseka, tinathera pa 100.

Msewu wotsika kuchokera ku Angónia uli ndi maenje oti galimoto imachita kuzungulira. Ukamatsika, dziko limasintha ukuona: minda ya mizere imatha, pamabwera tchire louma, ndipo m'mbali mwa msewu muli matumba a makala okhaokha, oimikidwa mondondozana, kukamwa atatseka ndi udzu. Juzi ndinavula tisanafike ndi pakati pomwe.

Pa chipata china cha pamsewu wapolisi anatitsitsa tonse kuti aone ziphaso. Potsegula chikwama changa anatulutsa kope lija. Mtima unagunda, ndisaname. Chichitikireni zionetsero za pambuyo pa chisankho cha Okutobala 2024, zomwe zidaphetsa anthu oposa 300 m'dziko muno, munthu woyenda ndi kope lodzaza madandaulo a m'midzi sakhala ndi mtima m'malo. Iye anatsegula tsamba, n'kuwerenga pang'onopang'ono, milomo ikugwedera. Anali Mchewa mnzathu.

"Amayi, mijigo yonseyi yafa?"

Ndinati eya, bwana.

"Muonjezerepo wa kwathu ku Macanga. Mayi anga akutunga kudambo."

Anandibwezera kope. Dalaivala anamusiyirabe ya refresko, kandalama ka fanta, ndipo iye sanakane.

Mussacama ndi mphambano pomwe msewu wathu umakumana ndi waukulu wochokera ku Zobue, kumalire a Mwanza. Mathiraki a ku Malawi amaima pano mzere wautali. Aphunzitsi akuti m'zaka za m'ma 1980 galimoto sizinkayenda paokha mumsewu uno. Zinkadikirana n'kuyenda mdipiti umodzi kuchokera ku Nyamapanda, kumalire a Zimbabwe, mpaka ku Zobue, asilikali a ku Zimbabwe ali kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo zigoba za mathiraki otenthedwa zidakhala m'mbali mwa msewu zaka zambiri nkhondo itatha.

Tinadya nsima ya nyemba ndi mpiru kwa mayi wina wa kanyumba ka malata. Atamva chomwe tikuyendera anakhala nafe pabenchi. Kwawo ndi ku Nkondezi, m'boma lino la Moatize. Mu 2016 adathawa ndi ana kupita ku Kapise, ku Mwanza, komwe kudasonkhana anthu oposa 10,000 pa nthawi imene asilikali a boma ndi a chipani chotsutsa cha Renamo adayambanso kuwomberana kuno. Pambuyo pake ambiri adawasamutsira ku Luwani, ku Neno. Othawawo ankauza atolankhani ndi a mabungwe kuti nyumba ndi nkhokwe zawo adatentha ndi asilikali a boma powaganizira kuti akudyetsa a Renamo. Boma lidakana. Mayiyu sanafune kulowa m'zimenezo. Anangoti: "Awa akabwera usiku amafuna ufa. Awo akabwera masana amafunsa kuti ufa wapatsa ndani."

Azakhali anamufunsa funso lathu lija. Anati iye chibwerereni sanamangenso nkhokwe. Chimanga amatonola chonse n'kuika m'matumba ang'onoang'ono, oti mwana wa zaka khumi atha kusenza, n'kusunga kuchipinda kumene amagona. Anankafumbwe amamuonongera chambiri chifukwa cha kutentha kwa m'nyumba, koma nkhokwe ayi. Ndalemba ndendende mmene ananenera.

Ndalama ya nsima anakana. Azakhali anamuthirira kachewere m'beseni, iye n'kuti tamulipira mopitirira.

Tagona kwa mkulu wa mpingo wa pano, pa mphasa. Mathiraki sakusiya kulira.

Lachinayi, 2 Okutobala, Cateme ndi Moatize

Lero latalika.

Tinatsika pamphambano ya ku Cateme n'kukwera njinga zamoto. Azakhali anamugwira wa njingayo m'chiuno mwamphamvu moti anapempha kuti amusiyire popumira. Cateme ndi mudzi wochita kumangidwa, nyumba zofanana zili m'mizere, pamtunda wa makilomita pafupifupi 40 kuchokera m'tauni ya Moatize. Pakati pa 2009 ndi 2010 kampani ya ku Brazil ya Vale idasamutsa mabanja 1,365 kuti itsegule mgodi wa malasha. Oposa 700, amene adawerengedwa kuti ndi alimi, adabwera kuno. Ena adapatsidwa malo ku 25 de Setembro, m'tauni momwemo. Kumene adachokera ankalima m'mphepete mwa mitsinje, kuumba njerwa ndi kugulitsa pamsika wapafupi. Kuno adalonjezedwa mahekitala awiri banja lililonse, koma kwa zaka adali ndi imodzi, ndipo ambiri adapeza kuti ndi ya miyala. Nyumba zidayamba kung'aluka zisanakalambe. Mu Januwale 2012 anthu mazana adakakhala pa njanji kutseka sitima ya malasha, apolisi olimbana ndi zipolowe adawabalalitsa ndipo ena adamangidwa.

Zonsezi aphunzitsi anali atatiuza kale. Chimene ndinalibe ndi mawu a munthu amene adakhalapo pa njanjipo. Tinamupeza bambo wachikulire atakhala pansi pa mtengo akusoka lamba wa sapato ya tayala ndi waya. Amalankhula Chinyungwe, ife Chichewa, koma tinamvana, pena mnyamata wathu akuthandiza.

"Makalata tidalemba," anatero. "Tidapereka kwa mfumu, kwa a boma, kwa a mgodi. Miyezi ikupita, zii. Tsiku lomwe tidakhala pa njanji, galimoto za mfuti zidafika dzuwa lisanapendeke. Ndiye ndidadziwa kuti msewu wobwera kuno amaudziwa."

Aphunzitsi anandiyang'ana, ine ndinali nditalemba kale. Kwa ine ulendo wonse wagona pa mawu amenewa. Sindikunena kuti dziko likhale lopanda apolisi. Ng'ombe zikabedwa ku Angónia timawafuna, ndipo timadandaula akachedwa. Koma onani chimene boma limathamangira ndi chimene limachedwera, mudziwa chimene likulondera. Sitima ikaima maola ochepa, mafuta a galimoto amapezeka. Madzi akasowa pamudzi, akuti bajeti ya chaka chamawa.

Tikucheza choncho sitima inadutsa chapatali, mabogi osatha, malasha ali mbwee. Ena mwa malasha amenewa amadutsa m'dziko la Malawi kupita ku doko la Nacala. Ana sanatembenuke n'komwe.

Madzulo tinafika ku Moatize. Mgodi waukulu uja Vale idaugulitsa ku kampani ya Vulcan mu 2022, koma milu ya dothi lakuda ikadali pomwepo, kuseri kwa nyumba za anthu. Mu Okutobala 2018 anthu a m'tauni muno adalowa mumgodi n'kuimitsa ntchito chifukwa cha fumbi. Mayi amene anatilondolera ku nyumba ya alendo anationetsa mmene amayanikira ufa: pa mphasa, pamwamba atayala chitenje chopyapyala, m'mbali atatsindira ndi miyala. Ukapanda kutero nsima imatuluka yotuwa. Anakweza ngodya ya chitenjecho kuti ndione. Pansi ufa uli mbee, pamwamba pa nsalu mutha kulemba dzina ndi chala. Akuti kukaphulitsidwa miyala kumgodi, mbale zimalira m'kabati.

Aphunzitsi akuti lamulo limanena kuti 2.75 peresenti ya msonkho wa zokumbidwa ibwerere kwa anthu a pamalopo. Mayiyu anati anamvapo pa wailesi.

Mnyamata wathu maso ake anali kwina. Anaona alonda a makampani atavala yunifolomu ndi nsapato zonyezimira, n'kupita kukacheza nawo. Pobwera anati malipiro awo a mwezi umodzi amaposa zomwe bambo ake anapeza pa soya chaka chino. Azakhali anati, "Iwe, wabwera kudzaimba kapena kudzalondera malasha?" Anaseka, koma sanayankhe.

Chipinda 800 metikali, ine ndi azakhali bedi limodzi. Fani ikungotembenuza mpweya wotentha. Mutu ukundiwawa ndipo kukhosi kukukanda.

Lachisanu, 3 Okutobala, Matundo, Tete

Sindilemba zambiri. Kutentha kwa kuno kwandifoola. Mwana wa ku Angónia sanalengedwere Tete wa mwezi wa Okutobala.

Tinawoloka Revúboè m'mawa. Lero ndi mchenga wambiri ndi kamadzi koyenda pakati, amayi akuchapa, anyamata akukweza mchenga m'thiraki. Mtsinje womwewu mu Januwale 2022, nthawi ya namondwe Ana, udagumula mlatho, udamiza nyumba ku Chingodzi, ndipo mkulu wa boma la Tete adafera m'madzi ake galimoto itakokoloka. Bambo amene ndinakhala naye pampando anati anthu ambiri amene adasamutsidwa adabwereranso m'mphepete, chifukwa kumtunda kulibe madzi ndi dimba.

Tikusungidwa ndi banja la mlongo wake wa mayi busa wathu. Kachewere uja anamulandira ndi nthungululu. Anatiphera mbuzi, ndipo ndivomereze kuti mbuzi ya ku Tete ikoma kuposa yathu. Akuti n'chifukwa imadya masawu ndi malambe. Anatipatsanso phala la malambe lozizira la mufiriji, ndinamwa makapu mpaka manyazi. Tagona panja pa khonde, maneti atamangirira ku mtengo wa nimu.

Loweruka, 4 Okutobala, Tete

Pa tsiku ngati lero mu 1992, ku Rome, Joaquim Chissano, pulezidenti wa nthawiyo, ndi Afonso Dhlakama, mtsogoleri wa Renamo, adasaina pangano lothetsa nkhondo ya zaka 16, ankhalapakati ali a gulu la Chikatolika la Sant'Egidio ndi Akibishopu Jaime Gonçalves wa ku Beira. Akuluakulu a boma m'mawa anapita kukaika nkhata za maluwa. Ife tinakwera txopela, kanjinga kamoto ka matayala atatu, 50 metikali, kupita kubwalo la tchalitchi china komwe anayala mabenchi pansi pa mitengo. Anatsegula ndi pemphero shehe, anatseka ndi abusa. Pachipata panaima amuna awiri ovala wamba amene palibe ankawadziwa. Amayi ophika anawapatsa tiyi ndi pau, buledi wa kuno, anakhala mpaka mapeto.

Gulu lililonse linawerenga kope lake. A ku Tsangano, msewu ndi mbatata yowolera m'munda. A ku Chifunde, okumba golide amene akudetsa mitsinje ndi odula mitengo ya matabwa. A ku Changara, chilala cha 2024 ndi mbuzi zogulitsidwa motchipa kuti agule chimanga. Nditaimirira kuwerenga lathu mawondo ankanjenjemera, koma nditafika pa nkhani ya matumba a chimanga a mayi wa ku Nkondezi bwalo lonse linati chete, kenako amayi a kumbuyo anayamba kung'ung'udza movomereza.

Amene anandigwira mtima ndi asodzi ndi alimi a m'mphepete mwa Zambezi, kumene akufuna kumanga damu la Mphanda Nkuwa, makilomita pafupifupi 60 kumunsi kwa damu la Cahora Bassa. Likuyembekezeka kupanga mamegawati 1,500, ndipo mu 2023 boma lidasaina mgwirizano ndi makampani a EDF, TotalEnergies ndi Sumitomo. Bungwe loteteza chilengedwe la Justiça Ambiental lakhala likutsutsa ntchitoyi kwa zaka zambiri. Nsodzi wina wamtali anati iye sadana ndi magetsi, koma akufuna adziwe kumene akamuike, ndipo anapita yekha ku Cateme kukaona ndi maso. Anatinso Cahora Bassa idatha kumangidwa mu 1974, magetsi ake ambiri amapita ku South Africa, ndipo mawaya ake amadutsa pamwamba pa midzi imene mpaka lero imaunikira tochi. Aphunzitsi anandinong'oneza kuti pomanga damu limenelo Apwitikizi adakwirira mabomba a pansi kuzungulira dera lonse kuti a Frelimo, omenyera ufulu, asafike, ndipo mabombawo adakhala akudula miyendo ya abusa a mbuzi zaka zambirimbiri ufulu utabwera. Dziko lino lidalengezedwa kuti lathana ndi mabomba a pansi odziwika mu Sepitembala 2015.

Masana aphunzitsi anapatsidwa mpata. Anakamba za ntchito imene Bishopu Dinis Sengulane ndi Bungwe la Mipingo ya Chikhristu ku Mozambique adayambitsa mu 1995, yosinthanitsa mfuti ndi makasu. Munthu ankabweretsa mfuti imene adakwirira, osafunsidwa dzina kapena mbali yomwe adamenyera, n'kulandira khasu, njinga, makina osokera kapena malata. Ndalama sankapereka dala, kuti pasakhale malonda a mfuti. Zidazo ankazidula pomwepo anthu akuona, ndipo amisiri a ku Maputo adawotcherera zidutswa zake n'kupanga mpando ndi mtengo zomwe zili ku British Museum ku London. Mfundo ya aphunzitsi inali yoti amene adatolera mfutizo sadali asilikali. Adali abusa, mafumu ndi amayi amene ankadziwa pomwe amuna awo adakumba.

Atangokhala pansi, mayi wina wa chitenje chobiriwira anaimirira osapempha mwayi. Mwana wake ndi msilikali ku Cabo Delgado, kumpoto kwa dziko lino, komwe nkhondo idayamba mu Okutobala 2017. Anati: "Mukamanena za asilikali muzikumbukira kuti ndi ana athu. Wanga sadapite chifukwa chokonda mfuti. Adamaliza sukulu, adakhala pakhomo zaka zitatu. Ndipo kumeneko anthu akudulidwa mitu. Muwatumizire kope?"

Palibe anaombera m'manja, palibe anamutsutsa. Wotsogolera anafuna kupitiriza ndondomeko, koma azakhali anadzuka pang'onopang'ono, n'kupita kukakhala pafupi naye. Ndinamva akumufunsa kuti, "Achemwali, amaimba foni?" Anati kamodzikamodzi, ndipo nthawi zina amapempha kuti amutumizire ndalama pa M-Pesa. Adalowa usilikali utangotalikitsidwa: kumapeto kwa 2023 nyumba ya malamulo idakweza zaka zotumikira kuchoka pa ziwiri kufika pa zisanu.

Ine funso lake sindinathe kuliyankha, ndipo mpaka pano likundizungulira m'mutu. Midzi ikamaotchedwa, anthu amafuna wowatchinjiriza lero lomwe. Chimene ndinganene n'choti Cabo Delgado nayonso ili ndi gasi ndi miyala ya rubi, ndi anthu osamutsidwa, ndi anyamata ongokhala. Ife a ku Tete tili ndi malasha, damu, golide, osamutsidwa ndi anyamata ongokhala. Kope lathu ndi la nthawi ino pamene mfuti sizinalire. Mayiyo pamapeto anapempha kuti m'kalata yathu tilembemo zoti asilikali azilandira chakudya ndi malipiro pa nthawi yake, ndiponso kuti ovulala asamatayidwe. Tinalemba.

Kalatayo ndi ya masamba awiri. Ikupempha kuti anthu asasamutsidwe asanaone malo atsopano ndi madzi ake, kuti ndalama za migodi zobwerera kumidzi zizilengezedwa poyera pa bolodi, kuti anthu akachita zionetsero pazibwera oti amve nkhani, asanabwere a utsi wokhetsa misozi, ndi kuti boma lililonse likhale ndi amisiri ndi zipangizo za mijigo. Posaina ena anazemba, ati akukasamba m'manja. Sindikuwaweruza, ena ndi aphunzitsi a boma ndipo ali ndi ana. Ine ndinasaina dzanja lili thukuta, amuna a pachipata aja ndikuwaonera m'mbali mwa diso. Azakhali anadinda chala.

Chakudya chinali mpunga, nyemba ndi kapenta. Mnyamata wathu anaimbitsa nyimbo ya Chichewa, Anyungwe n'kuilandira bwinobwino.

Lamulungu, 5 Okutobala, Wiriyamu

Titatuluka m'tchalitchi, bambo wa pakhomo pomwe tikusungidwa anabwereka galimoto ya mnzake, ife tinangothira mafuta a 1,000 metikali. Mumatsata msewu wa ku Changara, kenako mumakhota kulowa wafumbi. Malambe, mbuzi, miyala, minga.

Pa 16 Disembala 1972 asilikali a Chipwitikizi adapha anthu pafupifupi 400 ku Wiriyamu ndi midzi yoyandikana nayo monga Chawola ndi Juwau, powanena kuti akubisa a Frelimo. Nkhaniyi idatuluka kudzera mwa ansembe a mishoni, ndipo wansembe wa ku England, Adrian Hastings, adaifalitsa m'nyuzipepala ya The Times mu Julaye 1973. Nduna yaikulu ya Portugal ya nthawiyo, António Costa, idapepesa mu 2022, patatha zaka pafupifupi 50.

Pali chipilala. Sitinakhalitse. Azakhali anati mlandu womwe adaphera anthu pano ndi womwe uja wa ku Nkondezi, ndi womwenso udatithamangitsa ife ku Angónia: wadyetsa ndani. Mayunifolomu okha ndiwo amasintha.

Pobwerera tinapeza amayi ndi atsikana atazungulira chitsime chokumba mumchenga wa mtsinje wouma, akutunga ndi kambale, kudikira kuti madzi abwererenso. Tinaima kuti aphunzitsi awafunse funso lathu. Mtsikana wina anaseka n'kuloza m'dzenjemo. Anatipatsa madzi kuti tisambe kumaso, madzi oti iwo adikirira kuyambira m'mawa. Ndinachita manyazi kuwalandira, komanso kukana kukanakhala mwano. Tinanyamula zigubu zawo pa galimoto mpaka pamudzi.

Lolemba, 6 Okutobala, panjira

M'mawa aphunzitsi ndi anthu ena atatu osankhidwa anakapereka kalata ku ofesi ina ya boma. Ine ndinatsagana nawo kuti ndisunge kope lachiwiri la kalatayo. Tinakhala pabenchi kuyambira 8 koloko mpaka cha m'ma 11. Mlembi anaiwerenga mutu wokha, anadinda chidindo pa makope onse awiri, n'kulemba tsiku ndi nambala. Akuti yankho tidzamva. Aphunzitsi akuti chidindocho n'chofunika, chifukwa mawa wina asadzanene kuti sitinalankhule. Magulu agwirizana kuti pakatha miyezi itatu adzabwerenso ndi nambala imeneyo, ndipo pakadali pano aliyense akawerenge kalatayi kwa mafumu ndi m'mipingo ya kwawo.

Kumsika ndagula nsomba ya chikowa, youma ya mchere ija yochokera ku nyanja ya Cahora Bassa. Yakwera mtengo, ogulitsa akuti madzi a m'damu adatsika kwambiri ndi chilala ndipo asodzi akupha zochepa. Amayi a Mvano amene munandituma, ndalama zanu zakwanira theka la zimene munkafuna, tidzagawana mwachilungamo. Ndagulanso malambe ndi masawu ouma a ana.

Chapa cha ku Ulongwe ndi 600. Chinanyamuka 1 koloko, ndipo pano ndikulemba tili pambali pa msewu kupitirira Mussacama, tayala laphulika, lapadera nalo lilibe mpweya. Kondakitala wakwera njinga yamoto kukapopetsa. Kwayamba kuzizira ndipo ndavalanso juzi mosangalala. Mayi wa pamudzi wapafupi watibweretsera chinangwa chophika m'beseni, sakulipiritsa. Azakhali agona atatsamira thumba la nsomba.

Tabwerera atatu. Mnyamata wathu watsikira ku Moatize. Mmodzi wa alonda aja anamuuza kuti kampani yawo ikulemba anthu sabata ino, ndipo makalata ake a sukulu anali nawo m'chikwama kuchokera tsiku lonyamuka. Aphunzitsi anamulankhula nthawi yaitali pa depoti. Iye anamvetsera mwaulemu, manja ali kumbuyo, kenako anati, "Aphunzitsi, ndikapanda kulondera malasha, Januwale ndikalembetsa usilikali. Musankhe ndinu." Aphunzitsi anatulutsa 500 metikali n'kumupatsa. Azakhali anamupatsa nsomba ziwiri ndi nambala ya mayi wa ufa uja kuti akagone kumeneko.

Amayi ake ndikawauza ndekha mawa m'mawa, chonde musanditsogolere. Amene muli ndi njinga pafupi ndi depoti, tidzafika usiku kwambiri ndipo katundu ndi wolemera.